Mtsikana Wokana Chakudya: Zomwe Makanema ndi Mabuku Atiphunzitsa Kuona

Munthu akatsika Ilala padoko la Nkhata Bay, kapena akafika pabasi kuchokera ku Joni, abale amayamba amuyeza ndi maso asanamufunse za ulendo. Masaya akakhala odzadza amamuuza mokondwa kuti wanenepa, iye n'kuthokoza. Akakhala woonda palibe amanena pamaso pake. Nkhaniyo imakambidwa madzulo, motsitsa mawu. Zaka za Edzi zidatisiyira dzina loti kaliwondewonde, ndipo ngakhale ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, mantha a kuonda sadatichoke. Tsono m'tauni yotere, momwe mbale ya kondowole ndi usipa imabwera ndi thukuta, mukafunsa ngati alipo mtsikana yemwe amadzimana chakudya dala mpaka kudwala, ambiri adzakusekani. Ngakhale ena a ife ogwira ntchito zaumoyo tidzayankha kuti amenewo ndi matenda a azungu. Yankho limeneli sitidalipeze m'kafukufuku. Mbali yaikulu tidalitola m'makanema, ndipo n'chifukwa chake makanemawo akuyenera kuunikidwa m'tsamba ngati lino.

Filimu yomwe imatchulidwa kawirikawiri pankhaniyi ndi To the Bone, yomwe idatuluka pa Netflix mu 2017. Adailemba ndi kuitsogolera ndi Marti Noxon, yemwe adadwalapo matendawa, ndipo mtengambali wamkulu, Ellen wa zaka 20, adaseweredwa ndi Lily Collins, nayenso wodwalapo. Ellen ndi katswiri wojambula zithunzi, wa m'banja lopeza bwino koma losokonekera, ndipo amakagonekedwa m'nyumba ya odwala anzake pansi pa dokotala wolankhula mosapsatira, woseweredwa ndi Keanu Reeves. Zilipo zomwe filimuyi idachita bwino. Ikuonetsa kuti anorexia si chibwana chofuna kukongola ayi, ndi ndende yomwe wodwala sangathe kungotulukamo pomuuza kuti adye. Gawo lomwe banja lonse likhala pamaso pa dokotala, amayi n'kumakangana, mng'ono wake n'kumalira, bambo osaoneka n'komwe, aliyense yemwe adakhalapo ndi banja la wodwala matenda amgonagona adzalizindikira.

Vuto lili pa kamera. Imakonda mafupa. Imayenda pamsana pa Ellen pang'onopang'ono ngati ikusirira, ndipo Collins adachita kudziondetsa kuti asewere gawoli, chinthu chomwe ambiri ogwira ntchito ndi odwalawa adachidzudzula. Filimuyi imaonetsanso njira zingapo zomwe odwala amabisira khalidwe lawo, mwatsatanetsatane wokwanira kuti woonera yemwe wayamba kale kudwala aphunzirepo. Sindizitchula pano pa chifukwa chomwecho. Chithandizo chenicheni, chomwe ndi ntchito yotopetsa ya miyezi yambiri yodyetsa thupi ndi kukambirana ndi banja, chimangodutsidwa, malo ake n'kutengedwa ndi chibwenzi ndi maloto a m'chipululu. M'nyumba ya odwalayo muli mtsikana wakuda mmodzi, wodwala matenda odya mosadziletsa, koma amuika m'mbali ngati chokongoletsera. Ndipo matenda a Ellen ndi a masamu: amawerengera mphamvu ya chakudya chilichonse pamtima, monga zimalembedwera pamapaketi a m'sitolo. Pamtanda wa kondowole palibe cholembedwa. Wophunzira unamwino ku Mzuzu akaonera filimuyi angaganize kuti popanda paketi, sikelo ndi galasi lalikulu, matendawa sangakhalepo.

Nkhani za oimba ndi anthu otchuka zawonjezera pachithunzi chomwecho. Dziko lidayamba kumva dzina la anorexia kwambiri Karen Carpenter atamwalira mu 1983 ali ndi zaka 32, mtima utalephera. Sewero la The Crown mu 2020 lidaonetsa bulimia ya Diana, ndipo pano ndiyamikire: lidaonetsa kuti munthu akhoza kumadya mobisa usiku n'kusanza, masana n'kumamwetulira pagulu, thupi lake osadabwitsa aliyense. Taylor Swift adafotokoza za kudzimana kwake chakudya m'filimu ya Miss Americana chaka chomwecho, koma mu 2022 adachotsa m'kanema wa nyimbo ya Anti-Hero kachigawo ka sikelo yomunena kuti ndi wonenepa, anthu atadandaula kuti kakunyoza onenepa. Onsewa ndi anthu enieni omwe adavutika zenizeni. Koma mukawaika pamzere, nkhope ndi imodzi: mkazi, mzungu, wachuma, wotchuka. Nyimbo zathu zili tsidya lina. Zimatamanda mkazi wathupi, ndipo woonda zimakonda kumutchula pochenjeza za matenda kapena pomuseka. Wosafuna kudya mulibe m'nyimbo zomwe zimalira m'mabala ndi m'maminibasi opita ku Mzuzu.

Makanema onena za ife amadziwa kusadya kwa mtundu umodzi wokha, njala. The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya mu 2019, yochokera m'buku la William Kamkwamba, ikuonetsa banja la ku Wimbe m'boma la Kasungu likusankha kuti lidzidya kamodzi patsiku m'njala ya 2001 ndi 2002, anthu akukanganirana chimanga pamsika wa ADMARC. Ndi zoona, ndipo ambiri tikuzikumbukira. Sindikuidzudzula filimuyi pa zomwe sidafune kunena. Ndikungoona kuti zithunzi ziwirizi zikakumana m'mutu umodzi zimabala chiweruzo chosavuta: kwa azungu munthu amakana chakudya, kwathu chakudya ndicho chimakana munthu. Yemwe ali pakati pa ziwirizi saoneka.

Buku lomwe lidamuona lidalembedwa pafupi nafe, zaka zoposa makumi atatu zapitazo. Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe lidatuluka mu 1988, ndipo mlembiyo adayambapo maphunziro a udokotala ku Cambridge asanakachite za maganizo a anthu ku yunivesite ya ku Harare. Nkhani ikuchitika mu Rhodesia kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, ndipo woifotokoza ndi Tambu, mtsikana wa kumudzi yemwe amatengedwa ndi bambo ake aakulu, Babamukuru, mphunzitsi wamkulu pasukulu ya mishoni. Kumeneko amagona chipinda chimodzi ndi mwana wa Babamukuru, Nyasha, yemwe adakhala ku England ali wamng'ono n'kubwerako ataiwala chiShona chambiri.

Chomwe Dangarembga adachigwira, chomwe To the Bone idachiphonya, n'chakuti chakudya ndi ulamuliro. M'buku lonseli, yemwe akudya, nthawi yomwe akudya ndi chomwe chatsalira m'poto zikukuuzani yemwe ali wamkulu. Tambu amalima chimanga kuti apeze fizi, mchimwene wake n'kumamubera. Pa Khirisimasi kumudzi akazi amaphikira khamu la anthu, amuna n'kuyamba kudya, nyama n'kumaonongeka chifukwa firiji ndi yaing'ono. Owerenga wa ku Nkhata Bay sasowa womumasulira zimenezi: amadziwa yemwe amalandira mutu wa nsomba ndi yemwe amadyera kukhitchini. Tsono Nyasha akakankha mbale patebulo la bambo ake, Babamukuru samva ngati mwana wadwala. Amamva ngati mwana wamunyoza, iye amene amagwira ntchito kuti chakudyacho chipezeke. Amamulamula kuti amalize. Nyasha amamvera, amameza chonse mofulumira, kenako n'kupita kubafa. Bambo apambana patebulo, mwana wapambana kuseri kwa chitseko, thupi ndilo likulipira. Sindidawerengepo kufotokoza kwina kwa bulimia komveka bwino chotere kwa munthu wokulira m'nyumba momwe kusiya nsima m'mbale ndi mwano.

Zina mwa zizindikiro zomwe timaphunzira m'kalasi zilimo, koma zolukidwa m'moyo wa munthu. Nyasha ndi wanzeru, wodzipanikiza, amawerenga mpaka usiku kukonzekera mayeso, amanena za kunenepa monyansidwa pomwe anzake amakuona ngati kukongola. Matendawo amakula pang'onopang'ono aliyense akuona, koma aliyense ali ndi dzina lake lowatchulira: mwano, kulimbikira sukulu, chizungu. Mpaka usiku womwe amasokonezeka, n'kung'amba buku la mbiri ndi mano, kuswa magalasi ndi miphika. Apa mpamene pali gawo lomwe ndingakonde kuti wophunzira udokotala aliyense aliwerenge. Amutengera ku Salisbury kwa dokotala wa matenda a maganizo, mzungu, ndipo iye akuti Aafirika sadwala mwa mtundu umenewu, mtsikanayu akungodzichititsa, apite naye kunyumba akamulimbitsire mwambo. Ndi dokotala wachiwiri yemwe amamugoneka. Mu 1988 mawuwo adaikidwa m'kamwa mwa mtsamunda. Chowawa n'chakuti lero timawanena tokha.

Bukuli lili ndi pofooka pake, kapena tinene kuti pomwe owerenga amaterereka. Amayi ake a Tambu amati chomwe chadwalitsa Nyasha ndi chizungu, ndipo ambiri olemba za bukuli adawatenga mawuwo ngati chigamulo cha mlembi. Tikawatenga choncho tabwerera pomwe tidayambira: matenda a azungu, ongogwira wakuda yemwe wapita ku England. Koma mayi yemweyo, yemwe sadapondeko ku England, nayenso amasiya kudya ndi kusamba atamva kuti Tambu akupita kusukulu ya masisitere, mpaka mng'ono wake Lucia kuchita kumukakamiza kuti adzuke. Sindikunena kuti ali ndi anorexia; zizindikiro zake zikufanana kwambiri ndi matenda a kukhumudwa. Ndikunena kuti Dangarembga waika akazi awiri, wamishoni ndi wakumudzi, onse olankhula ndi mbale chifukwa pakamwa adawatseka. Chofooka chenicheni ndi chakuti bukuli limathera pomwe Nyasha wagonekedwa, kuchira kwake kusadadziwike, ndipo ntchito ya kuchira siikuoneka monga siikuonekeranso m'filimu ija.

Kafukufuku wochepa yemwe alipo mu Africa akugwirizana ndi bukuli kuposa filimu. Zaka zinayi bukuli lisadatuluke, mu 1984, Buchan ndi Gregory adalemba mu British Journal of Psychiatry za mtsikana wakuda wa ku Zimbabwe wodwala anorexia. Mu 2004 Bennett ndi anzake adayeza atsikana 668 a sukulu za sekondale kumpoto kwa Ghana. Mwa omwe adali oonda, khumi sadapezeke ndi matenda ena alionse kupatula kudzimana chakudya. Atsikanawa sankaopa kunenepa. Ankafotokoza kudzimanako ngati kudziletsa ndi kudzipereka kwa Mulungu, ndipo ankakuona ngati chinthu chabwino. Sing Lee adaonanso ku Hong Kong odwala anorexia ambiri osatchula mantha a kunenepa, ongodandaula kuti m'mimba mwadzadza. Izi zikutikhudza. Kuno kusala kudya ndi mbali yolemekezeka ya chipembedzo, ndipo ochuluka amasala n'kumasula bwinobwino. Koma mtsikana yemwe kusala kwake sikutha, yemwe akamaliza masiku ake amayambanso ena, thupi likutha, akhoza kuyamikiridwa kutchalitchi pomwe akufunika chipatala. Palibe filimu ya ku Hollywood yomwe ingatikonzekeretse kumuzindikira.

Tisathamangirenso mbali inayo, yoona anorexia paliponse. Le Grange ndi anzake ku South Africa adapeza mu 2004 kuti achinyamata akuda osauka ankapeza mapointi okwera pamafunso a EAT-26, omwe amagwiritsidwa ntchito pofufuza matendawa. Atakhala nawo pansi kuwafunsa, zidaoneka kuti ambiri ankaganiza za chakudya tsiku lonse chifukwa cha njala, osati matenda. Funso lolembedwera mtsikana wa ku Toronto lidayankhidwa moona ndi mwana wogona ndi njala, tanthauzo n'kusintha. Kuunika kwa van Hoeken, Burns ndi Hoek mu 2016 sikudapeze anorexia yokwaniritsa zizindikiro zonse m'kafukufuku wochepa wa mu Africa yemwe adamuphatikiza, koma bulimia idapezeka mwa mtsikana pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, ndipo matenda a kadyedwe osalowa bwino m'magulu odziwika adali ochulukirapo. Kunena kwina, mtundu womwe makanema amaukonda ndiwo wosowa kwambiri kuno, ndipo mitundu yomwe ilipo ndi yomwe kamera siiona chifukwa wodwalayo saonda modabwitsa.

Palinso funso loti makanema amangojambula matendawa kapena amawabweretsa. Chitsanzo chodziwika ndi cha ku Fiji, komwe thupi lodzadza linkatamandidwa monga kuno. Anne Becker ndi anzake adafunsa atsikana a sukulu m'dera la Nadroga mu 1995, wailesi yakanema itangofika, n'kufunsanso ena mu 1998. Poyamba palibe adanena kuti amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Patatha zaka zitatu adali 11 pa 100 alionse. Kafukufukuyu adali wa atsikana ochepa ndipo sangatsimikize yekha kuti wailesi yakanema ndiyo idachititsa, koma atsikanawo adanena okha kuti ankafuna kufanana ndi omwe ankawaona, poganiza kuti thupi lotero limatsegula mwayi wa ntchito. Nkhata Bay si mudzi wobisika. Alendo akunja akhala akusambira ku Chikale kwa zaka zambiri, chikondwerero cha Lake of Stars chidayambira ku Chintheche m'boma lomwe lino, ndipo lero foni ya m'manja yabweretsa TikTok ndi masewero a ku India, ku Nigeria ndi ku South Africa mpaka m'hositelo. Chakudza sichiimba ng'oma. Sewero la ku Nigeria la Skinny Girl in Transit, loyamba mu 2015, likuonetsa bwino kusinthaku: mtsikana wathupi wa ku Lagos akukakamizidwa ndi amayi ake enieni kuti achepetse thupi apeze banja. Ndi sewero loseketsa ndipo silifika pamatenda, koma tebulo lake ndi lathu kuposa la Ellen.

Chomwe mtsikana wa lero akuuzidwa n'chovuta kuposa cha ku Fiji, chifukwa akulandira malamulo awiri nthawi imodzi: mimba ikhale yophwa, m'chiuno ndi m'mbuyo mukhale modzadza, usanenepe, koma usaonde kuti anthu angakunene. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse adali onenepa kupitirira muyeso, 7 oonda kwambiri, pomwe ana 37 pa 100 osafika zaka zisanu adali opinimbira. M'nyumba imodzi mukhoza kukhala zonsezi. Ndipo pali makhalidwe omwe sindidawaonepo atatengedwa mozama m'filimu kapena m'buku lathu. Alipo atsikana omwa cyproheptadine, mankhwala a ziwengo omwe amadzutsa chilakolako cha chakudya, pofuna kunenepa msanga, osadziwa kuti amagonetsa ndipo akhoza kuvulaza chiwindi. Alipo amayi odya dothi, oyembekezera ndi osayembekezera omwe, chinthu chomwe mabuku a matenda amachitcha pica chikapitirira, ndipo kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi. Alipo odya mosadziletsa mobisa kenako n'kudzida, matenda omwe adalandira dzina lawolawo m'buku la DSM-5 mu 2013. Alipo anyamata. Olemba masewero athu, omwe adatha kulowetsa nkhani ya Edzi m'nyumba iliyonse kudzera pawailesi, ali ndi munda wosalima pano.

Tiyerekeze tsono mtsikana wa Fomu 3 wabwera ndi azakhali ake, waonda, msambo udasiya miyezi inayi yapitayo, akumva chizungulire. Tidzamuyeza mimba, HIV, TB, shuga, malungo, ndipo n'koyenera kutero chifukwa zimenezi ndizo zofala. Zonse zikapezeka bwino, chizolowezi n'kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi mavitamini, n'kuuza azakhaliwo kuti azimudyetsa. Funso loti iye mwini amachiona bwanji chakudya, ndipo chimachitika n'chiyani akatha kudya, silitenga mphindi ziwiri, koma munthu safunsa za chinthu chomwe akukhulupirira kuti kulibe. Mtengo wa kusafunsako ndi waukulu. Kuunika kwa Arcelus ndi anzake mu 2011 kudapeza kuti odwala anorexia amamwalira mowirikiza pafupifupi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo, ndipo imfa imodzi mwa zisanu ndi yodzipha. Wodzisanzitsa amataya potaziyamu, mtima n'kusokonekera kagundidwe, ngakhale thupi lake likuoneka labwinobwino. Wofooka kwambiri akadyetsedwa mothamanga, fosifeti m'magazi amatsika moopsa. Chodabwitsa n'chakuti mfundo yomalizayi timaidziwa bwino kuposa olemba mafilimu: ndi chifukwa chomwe mwana wonyentchera timamuyambitsa ndi mkaka wa F-75 tisadafike pachiponde. Luso la thupi tili nalo. La maganizo lili pafupi, ku St John of God ku Mzuzu, ulendo wa ola limodzi paminibasi.

Ndikadafunsidwa choti ophunzira azaumoyo aonere kapena awerenge pamutuwu, To the Bone ndikadaisiya, kapena kuionetsa ndi mphunzitsi ali pomwepo kuti aziimitsa n'kufunsa chomwe kamera ikuchita. Nervous Conditions ndikadaipereka yonse, n'kupempha kuti poiwerenga alembe mayina a onse omwe adaona Nyasha akusintha ndi chomwe aliyense adaganiza kuti chikuchitika. Pamndandandawo woyamba ndi Tambu, yemwe adamva phokoso kuseri kwa chitseko cha bafa kalekale akuluakulu asadadzidzimuke. Sadali dokotala kapena kholo. Adali mnzake wogona naye chipinda chimodzi, monga amagonera atsikana athu m'mahositelo ndi m'tizipinda ta lendi pafupi ndi sukulu za sekondale, kuchokera ku Chintheche mpaka ku Usisya.